Ofesi yolangiza aphunzitsi za ntchito ya kunja ndi ya kuno kwathu pa Kasungu: pamene imathandiza ndi pamene ikuperewera

Pa Kasungu boma pali ofesi ina yaing'ono imene imalangiza aphunzitsi ofuna kukagwira ntchito kunja kwa dziko lino kwa zaka zingapo kenaka n'kudzapitiriza uphunzitsi kuno kwathu, ndipo popeza aphunzitsi ambiri akhala akufunsana ngati ndalama imene ofesiyi imalipiritsa ili yoyenera, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zimene ndinaonako. Ine ndimaphunzitsa masamu ndi fizikisi pa sekondale ina yoyendera m'boma lomweli, ndipo ndinapitako ngati kasitomala wamba wolipira ndalama za m'thumba mwake. Mwachidule, uphungu wawo ndi wothandiza kwambiri kwa mphunzitsi wa sekondale amene ali ndi digiri kapena watsala pang'ono kuipeza, kwa mphunzitsi wa pulayimale phindu lake ndi lochepa, ndipo ntchito yawo yoyendetsera anthu mapepala ku Lilongwe sindikuona chifukwa choilipirira.

Anthuwa si maejenti opezera anthu ntchito, ndipo amanena zimenezi munthu asanakhale n'komwe pansi. Salonjeza sukulu, salonjeza viza, ndipo sapempha kusunga pasipoti ya munthu. Mwini wake ndi bambo wachikulire, mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito amene anaphunzitsapo ku Botswana nabwerera kudzamalizira ntchito m'boma, ndipo amathandizana ndi mayi wina amene amaona za mafomu ndi kompyuta. Chipinda ndi chimodzi, odikira amakhala pa benchi pakhonde, ndipo magetsi akathima ntchito ya pa kompyuta imaima, ngakhale kuti kukambirana kumapitirira. Ndalama ya uphungu woyamba ikufanana ndi imene munthu angawononge pa ulendo wa minibasi wopita ku Lilongwe ndi kubwerako, kuphatikizapo chakudya cha masana. Amalandira pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo risiti amapereka osachita kuwakumbutsa.

Chimene chikusiyanitsa ofesiyi ndi malangizo amene timapatsana m'chipinda cha aphunzitsi n'chakuti iwo amayambira kobwerera, osati kopita. Bambowo amatenga pepala lalitali, n'kulemba mzere wochokera pa zaka zimene munthu ali nazo lero kukafika pa zaka 60, pamene ogwira ntchito m'boma amapuma, ndipo funso lawo loyamba kwa ine linali lakuti, "Aphunzitsi, zonyamuka tizisiye kaye. Mundiuze chaka chimene mukufuna kudzakhala mutabwerako, ndiponso mpando umene mukufuna kudzakhalapo mukadzabwera." Kuchokera pa yankho limenelo amabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, akulemba ndi pensulo kuti azitha kufufuta, mpaka kufika pa teremu imene tili. Pepalalo munthu amalitenga, ndipo kwa ine ndi limene linali katundu weniweni amene ndinagula. Aphunzitsi ambiri amene ndikuwadziwa amawerengera za malipiro a kunja okha, ndipo za kudzalowanso m'kalasi ya kuno amaziganiza ali kale pabwalo la ndege kapena pa chipata cha Dedza akubwerera, nthawi yokonza zinthu itatha.

Gawo limene bambowo amalidziwa bwino koposa, ndipo amathera nalo nthawi yambiri, ndi la kachokedwe pa ntchito ya boma. Amafotokoza kuti pali njira zitatu zimene aphunzitsi amachokera, ndipo zotsatira zake n'zosiyana kwambiri. Wina amapempha tchuthi chosalipidwa kapena chokaphunzira, kalata yake n'kudutsa kwa mphunzitsi wamkulu, ku ofesi ya maphunziro ya boma kapena ya chigawo, imene ya chigawo cha pakati chakummawa ili pa Kasungu pomwepa, mpaka ku unduna. Tchuthi chotere si ufulu umene munthu angaulamule, ndipo bambowo amachenjeza kuti asanyamuke munthu chilolezo cholembedwa chisanafike m'manja mwake, chifukwa mawu apakamwa akuti pitani tikonza sadzamuteteza tsiku limene dzina lake lidzachotsedwa pa mndandanda wa malipiro. Wina amatula pansi ntchito mwadongosolo, kupereka chidziwitso m'nthawi yake ndi kubweza mabuku ndi makiyi, ndipo ameneyu amachoka ndi mbiri yabwino koma mpando wake sumudikira. Wachitatu ndi uja amangosowa tchuthi cha Disembala chikatha, amene amawerengedwa kuti wathawa ntchito, ndipo amadzitsekera yekha khomo lodzabwerera komanso kalata yomuchitira umboni imene olemba ntchito akunja amaifuna.

Apa ndi pamene anandifunsa zinthu zimene ejenti sangafunse. Anafuna kudziwa ngati ndili ndi ngongole ya ku banki kapena ku SACCO yodulidwa pa malipiro, ngati ndinasainira kuti ndidzagwira zaka zakutizakuti m'boma pobwezera maphunziro amene boma linandilola kukachita, ndiponso ngati banja langa likukhala m'nyumba ya pasukulu, popeza nyumbayo imapita ndi ntchito ndipo mkazi ndi ana sangatsalemo mwini ntchito atachoka. Anafunsanso ndondomeko ya penshoni imene ndilimo. Amene analowa m'boma kale ali pa ndondomeko yakale, pamene penshoni imawerengedwa potengera zaka zimene munthu wagwira ndi malipiro ake omaliza, kotero kudula zakazo pakati kumaluza zambiri. Achinyamata ali pa ndondomeko yosonkha mwezi ndi mwezi, yogwirizana ndi lamulo la penshoni la 2011 limene linakonzedwanso mu 2023, pamene wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ya malipiro kapena kuposerapo ndipo wantchito 5 peresenti. Ndalama yosonkhedwayo imakhalabe ya mwini wake ngakhale atachoka, koma zaka zonse zimene ali kunja palibe chimene chikulowamo pokhapokha iye mwini atakonza njira ina yosungira. Ndinaona kuti anthu awiri ophunzitsa pa sukulu imodzi, ofuna kupita dziko limodzi, akhoza kulandira malangizo otsutsana pa chifukwa chimenechi chokha, ndipo onse awiri n'kukhala olondola.

Za kubwerera amanenanso mosabisa. Amene anatula pansi ntchito amadikira kuti Teaching Service Commission ilengeze malo, amafunsira ngati wina aliyense, ndipo akhoza kuyambiranso pa giredi yolowera pamene anzake amene anatsala anakwezedwa kale. N'chifukwa chake pa pepala lija amalembapo makomo ena obwererapo kupatula la boma: sukulu za mipingo, sukulu zoima pazokha, makoleji ophunzitsa aphunzitsi, ndi mabungwe ogwira ntchito za maphunziro. Amakumbutsanso kuti digiri iliyonse imene munthu angaipeze ali kunja iyenera kudzadutsa ku National Council for Higher Education kuti ivomerezedwe kuno, choncho ndi nzeru kufufuza za yunivesiteyo asanalipire fizi, osati atabwera nalo kale pepala.

Pa nkhani ya mapepala ofunika kunja, ntchito yagona pa mayi uja, ndipo amaidziwa mokwanira. Anandionetsa pa kompyuta kuti ku South Africa maphunziro a mlendo amayesedwa kaye ndi SAQA, bungwe loyesa masatifiketi, kenaka munthu amalembetsa ku SACE, bungwe loyang'anira aphunzitsi kumeneko, ndipo chilolezo chogwirira ntchito ndi nkhani inanso payokha. Mmalawi amalowa m'dzikolo ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza, koma chidindo chimenecho sichimulola kugwira ntchito, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ena ophunzira bwino amathera m'ntchito za m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ku Johannesburg, satifiketi ili m'chikwama. Ku Zambia, kumene ambiri a ife timakuona ngati kwathu komwe chifukwa Chipata ili pafupi ndi chipata cha Mchinji ndipo Chinyanja chimamveka, kuli Teaching Council of Zambia yolembetsa aphunzitsi ndi ZAQA yoyesa masatifiketi, komanso dzikolo lili ndi aphunzitsi ake ambiri odikira ntchito, moti mu 2022 boma lakumeneko linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi kuchokera mwa nzika zake. Mlendo ayang'ane sukulu zoima pazokha, osati za boma. Za ku England ananena mwachindunji kuti pamene boma lakumeneko linakulitsa mu 2023 mndandanda wa mayiko amene aphunzitsi ake angafunsire chiphaso cha uphunzitsi chakumeneko chotchedwa QTS potengera maphunziro a kwawo, munali Ghana, Nigeria, South Africa ndi Zimbabwe, koma Malawi munalibe, kotero njira ya Mmalawi ndi yotalikirapo ndiponso yodula. Ndinayamikira kuti sanayese kundikometsera nkhaniyo. Mabungwe otere amafunanso kalata yochokera kwanu yotsimikiza kuti ndiwe mphunzitsi wovomerezeka wopanda mlandu, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene kulembetsa ku Teachers Council of Malawi sikuyenera kuonedwa ngati msonkho wongovutitsa.

Langizo limene sindinaliyembekezere linali lakuti sitepe yoyamba ya ulendo wa kunja ikhoza kukhala kuno komwe. Sukulu zambiri zakunja zimene zimalemba alendo zimatsata silabasi ya Cambridge, ndipo zimafuna munthu amene anaphunzitsapo ana olemba mayeso ake a IGCSE kapena A Level, pamene ife tinazolowera JCE ndi MSCE za MANEB. Bambowo anandikumbutsa kuti m'boma lathu lomweli, ku Mtunthama, kuli Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ndipo imaphunzitsa mayeso amenewo, komanso kuti ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli sukulu zina zotero. Zaka ziwiri kapena zitatu pa sukulu yotere zimalemera pa kalata yofunsira ntchito kuposa zaka khumi za pa sekondale yoyendera, ngakhale kuti ife amene timaphunzitsa fizikisi popanda labotale tikudziwa kuti ntchito yovuta ili kuti. Anandiuzanso kuti ndisonkhanitse masatifiketi a maphunziro a SMASSE osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi ndi makalata oitanira kukachonga mayeso a MANEB, zinthu zimene ambiri timangoziponya m'katoni, chifukwa zimasonyeza kuti munthu sanaime pamalo amodzi chimalizireni koleji.

Kalendala nayonso inalowa pa pepala lija. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Seputembala n'kutha mu Julayi, pamene ku South Africa, ku Zambia ndi ku Botswana chimayamba mu Januwale. Mphunzitsi wopita kumayiko amenewa amachoka teremu yoyamba itangotha, n'kusiya ana a Fomu 4 pakati pa silabasi, ndipo bambowo, monga munthu amene anakhalapo mphunzitsi wamkulu, sanabise kuti zimenezi sagwirizana nazo. Amalangiza kuti munthu apemphe kupatsidwa makalasi osalemba mayeso a boma m'chaka chimene akufuna kunyamuka. Ena anganene kuti iyi si ntchito ya mlangizi amene walipidwa ndi mphunzitsi osati ndi sukulu, koma ine ndikuona kuti ndi mbali ya uphungu womwewo, popeza mphunzitsi wamkulu amene wasiyidwa m'mavuto ndi yemweyo amene adzapemphedwe kulemba kalata ya umboni.

Za ndalama amazikamba mwachidule koma molunjika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambireni nthawi imeneyo malipiro aliwonse a kunja akasinthidwa m'makwacha amaoneka ngati chuma chosatha. Iwo amakana kuwerengera motero. Amachotsera lendi, msonkho, inshuwalansi ya chipatala, tikiti yobwera kudzaona banja, ndiponso zimene abale adzayembekezera kwa munthu amene ali kunja, monga fetereza, fizi ya adzukulu ndi maliro, ndipo chotsalacho ndi chimene amachiyerekeza ndi malipiro a kuno. Pa chitsanzo chimodzi chimene tinawerengera limodzi, kusiyana kunachepa kwambiri moti zaka ziwiri zokha sizikanabweza ndalama zokonzekera ulendo.

Ntchito ina imene ndikuiona kuti ndi yoyenera kuilipira ndi yowerenga kontirakiti kapena uthenga wolengeza ntchito munthu asanavomere. Ndinawasonyeza uthenga umene unkazungulira pa WhatsApp wonena za ntchito za uphunzitsi kumayiko a Aluya, wolonjeza nyumba, tikiti ndi malipiro okwera. Mayiwo anauwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa foni, n'kundionetsa kuti dzina la sukulu mulibe, adiresi yotumizirako mapepala ndi ya Gmail, ndipo akufuna ndalama yolembetsera munthu asanayesedwe n'komwe. "Bambo, sukulu yeniyeni imakufunsani mafunso kaye, ndipo imafuna kukuonani mukuphunzitsa. Iyi ikungofuna kuona ndalama zanu." Bambo aja anangowonjeza kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Anafotokozanso kuti wolemba ntchito wofuna kusunga pasipoti ya wantchito ndi woyenera kumuthawa, kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, ndiponso kuti mayiko a Commonwealth anagwirizana mu 2004 mfundo zoyendetsera kalembedwe ka aphunzitsi ochokera kumayiko ena, zimene zimafuna kuti mphunzitsi auzidwe zonse za ntchitoyo asananyamuke.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi mmene amathandizira aphunzitsi a pulayimale. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, aphunzitsi ochuluka m'dziko muno ndi a pulayimale, ndipo pa Kasungu pomwepa pali koleji ya aphunzitsi imene imatulutsa aphunzitsi a pulayimale a maphunziro otchedwa IPTE chaka ndi chaka. N'zoona kuti satifiketi ya IPTE payokha siifikitsa munthu patali kunja, popeza mayiko ambiri amafuna digiri. Koma mnzanga wina wa pulayimale amene analipira ndalama yofanana ndi yanga anangouzidwa kuti akayambe wapeza digiri, popanda pepala lija la zaka, popanda kumufotokozera kusiyana kwa kupita ku koleji ya aphunzitsi a sekondale ya Domasi kapena ya Nalikule kapena kuphunzira ali pa ntchito kudzera ku Mzuzu University, ndiponso popanda kumuthandiza kusankha phunziro limene lingadzamutsegulire makomo. Komatu munthu wotereyu ndi amene akufunika ndondomeko yaitali kuposa ine, chifukwa ulendo wake uli ndi masitepe ambiri. Ngati ofesiyi ilibe chomuuza, ikanayenera kumuuza pakhomo asanalipire.

Chachiwiri ndi mapepala osindikiza amene amapereka, olembedwapo mitengo ndi ndondomeko ya zochita. Mitengo ina inali yakale, ya kwacha isanagwe, ndipo ndondomekoyo inaika mayeso a Chingerezi a IELTS ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu poyambirira penipeni. Zotsatira za IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri, kalata ya kupolisi miyezi yowerengeka, pamene kuyesedwa kwa maphunziro ndi kusaka sukulu kumatha kutenga nthawi yaitali, choncho wotsata pepalalo mmene lalembedwera akhoza kulipira kawiri. Pokambirana pakamwa mayiwo amanena zolondola, koma anthu amakasunga pepala osati mawu. Bambowo nawonso nthawi zina amalankhula za Botswana ya m'masiku awo, pamene dzikolo linkalemba aphunzitsi ambiri achilendo, ndipo womvera ayenera kukumbukira kuti tsopano lili ndi aphunzitsi ake okwanira m'maphunziro ambiri.

Ntchito yoyendetsa mapepala ndiyo yokhumudwitsa. Amalipiritsa ndalama yapadera kuti akadinditse mapepala ku Lilongwe, koma zala zofunika pa kalata ya kupolisi munthu amakadinda yekha, ndipo mabungwe ena akunja amafuna kuti zotsatira za mayeso zichokere ku yunivesite mwachindunji osadutsa m'manja mwa wina. Mapeto ake ulendo wa pa M1 munthu amauyendabe, ndalama italipidwa kale. Mafoni ofunsa pamene mapepala afika samayankhidwa msanga, ndipo satifiketi yeniyeni kukhala m'manja mwa anthu ena kwa masabata si chinthu chopatsa mtendere. Sindinaone chinyengo chilichonse, koma ofesi ya anthu awiri yadzisenzetsa katundu woposa mphamvu zake.

Nkhani ya banja amangoikhudza pamwamba. Mphunzitsi wamkazi amene mwamuna wake atsala, kapena amene ali ndi ana oti alembe mayeso a Sitandade 8, ali ndi mafunso amene pepala la zaka silingayankhe lokha, monga ngati viza yake ilola kutenga ana ndi mmene anawo adzalowerenso m'sukulu za kuno. Za maphunziro olipiridwa ndi maboma akunja amazitchula mongodutsa, chikhalirecho kwa mphunzitsi wofuna kupita ndi kubwerako njira imeneyi ndi yoyenera kuiganizira kwambiri. Chevening ya boma la Britain, mwachitsanzo, imalipira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo imalamula kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri, zimene zikugwirizana ndendende ndi cholinga chimene ofesiyi imati imatumikira.

Mphunzitsi wa sekondale, makamaka wa masamu, sayansi kapena Chingerezi, apite akalipire uphungu woyamba, ndipo adzabwerenso tsiku limene adzakhale ndi kontirakiti m'manja kuti akamuwerengere. Atenge kalata yomulembera ntchito, pepala la malipiro la mwezi wapitawu, makope a masatifiketi ake onse, ndi pepala lililonse limene anasainira pokaphunzira kapena potenga ngongole, chifukwa popanda zimenezi bambowo amangolankhula zapamwamba. Mitengo ndi zofunika za SAQA, SACE kapena IELTS aziwerenge yekha pa masamba a intaneti a mabungwewo tsiku limene akufuna kulipira, ndipo mapepala ake ayende nawo yekha. Mphunzitsi wa pulayimale afunse kaye pakhomo ngati amukonzera ndondomeko yofikira pa digiri, ndipo akayankha mozungulira, ndalamayo aisunge ya fomu yofunsira malo ku koleji.